Kroondal: kampani inapita, mgodi unatsala

KROONDAL, South Africa – Pa 1 Novembala 2023 kampani ya Sibanye-Stillwater inatenga theka la mgodi wa pulatinamu wa Kroondal lomwe kwa zaka 20 linali m'manja mwa Anglo American Platinum. Mtengo womwe unalembedwa pa pangano logulitsiranalo unali randi imodzi, ndalama yomwe mumzinda wa Rustenburg singagule ngakhale theka la buledi.

Randi imodziyo sinali mtengo wonse. Wogulayo anavomera kusenza udindo wonse wa mwini wakaleyo, kuphatikizapo ntchito yodula yokonzanso nthaka ndi madzi mgodiwo ukadzatsekedwa. Panganolo, lomwe linalengezedwa mu Januwale 2022, linalinso ndi mfundo yoti mgodiwo upitirize kutumiza miyala yake yosefedwa ku ng'anjo za Anglo potsatira mgwirizano wakale mpaka utakwanitsa ma aunsi 1.35 miliyoni. Komabe mtengo woterewu ukunena zambiri za malonda a pulatinamu, momwe chinthu cha mabiliyoni lero chimasanduka katundu wolemetsa mawa.

Chiyambire ntchito mu 1999, mgodi wa Kroondal wadutsa m'kugwa kwa mitengo katatu, m'masitiraka, m'imfa za anthu ndi m'mliri wa Covid-19, ndipo ukadali kutulutsa miyala. Kampani yomwe inaukumba koyamba, Aquarius Platinum, inazimiririka mu 2016. Anthu amene amaphunzitsa za utsogoleri wa malonda amakonda mawu akuti kupirira ndi kusintha malinga ndi nyengo. Mbiri ya Kroondal ikusonyeza kuti mawuwa ali ndi tanthauzo pokhapokha munthu atafunsa kuti wapirira ndani, wasintha chiyani, ndipo walipira ndani.

Mwala womwe akuluakulu anaulambalala

Kroondal ndi mudzi waung'ono womwe uli makilomita ochepa kuchokera ku Rustenburg, m'chigawo cha North West, m'munsi mwa mapiri a Magaliesberg. Unakula ngati mudzi wa alimi ochokera ku Germany omwe anakhazikika kumeneko m'zaka za m'ma 1800, ndipo tchalitchi chawo cha Lutheran chilipobe. Pansi pa minda yawoyo pali mbali ya thanthwe lalikulu la Bushveld, lomwe limasunga pulatinamu wochuluka kuposa malo ena alionse pa dziko lapansi. Dziko la South Africa limatulutsa pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a pulatinamu yense wokumbidwa pa chaka, ndipo wambiri mwa iye amakathera m'zipangizo zosefa utsi wa magalimoto.

M'thanthwemo muli mizere iwiri ikuluikulu ya mwala wa chuma. Woyamba ndi Merensky, womwe unatchedwa dzina la katswiri wa miyala Hans Merensky utapezeka mu 1924, ndipo ndiwo unalemeretsa makampani akuluakulu kwa zaka zambiri. Wachiwiri, wotchedwa UG2, uli pansi pa woyambawo ndipo uli ndi chrome wambiri yemwe ankavutitsa m'ng'anjo zosungunulira. Chifukwa cha ichi makampani akale ankaulambalala. Ku Kroondal mzere wa UG2 uli pafupi ndi pamwamba pa nthaka, ndipo apa ndi pomwe kampani yaing'ono ya Aquarius, yomwe masheya ake ankagulitsidwa ku Australia ndi ku London, inaona mwayi motsogozedwa ndi Keith Liddell.

Njira yomwe inasankha inali yosiyana ndi ya anzake oyandikana nawo. Migodi ya Anglo, Impala ndi Lonmin inali ndi mashafuti akuya, ena opitirira kilomita imodzi, momwe amuna masauzande ankakwawa m'tinjira topapatiza atanyamula makina obowolera mwala. Ku Kroondal anakumba misewu yotsetsereka yolowera pansi, yoti makina a matayala azilowa ndi kutuluka, ndipo ankakumba zipinda zikuluzikulu n'kumasiya mizati ya mwala yochirikiza denga. Mwala wopanda pake ankaulekanitsa ndi wolemera usanafike kuchigayo, kuti magetsi asawonongeke pogaya zinyalala. Kampaniyo sinamange ng'anjo yakeyake. Inkagulitsa miyala yosefedwa kwa akuluakuluwo, poyamba Impala, kenako Anglo. Ndipo ntchito yeniyeni yokumba inaperekedwa kwa makontilakitala, makamaka Murray & Roberts Cementation, kotero kuti ambiri mwa anthu omwe ankalowa pansi tsiku ndi tsiku sanali antchito a Aquarius.

Zonsezi zinachititsa kuti mgodiwo umangidwe msanga ndi ndalama zochepa, ndipo unayamba kupanga phindu mofulumira. Vuto lake linali limodzi: malo omwe Aquarius inali ndi chilolezo chokumbapo anali aang'ono, ndipo mwala ukanatha patangopita zaka zochepa.

Kugawana ndi mnansi wamkulu

Kutsidya kwa malire kunali mwala wa UG2 wa Anglo Platinum, womwe mwini wake analibe njira yachidule yowufikira. Mu 2003, Stuart Murray ali mkulu wa Aquarius, makampani awiriwa anagwirizana kuphatikiza zomwe aliyense anali nazo. Anglo inapereka mwala wake. Aquarius inapereka misewu yake yapansi, chigayo ndi luso loyendetsa mgodi. Ndalama zolowa ndi zotuluka anagwirizana kuti azigawana pakati. Aliyense anakhalabe mwini wa katundu wake. Mgwirizanowu unatalikitsa moyo wa mgodiwo ndi zaka zambiri ndipo unalola kuti zokolola zichuluke pafupifupi kawiri. Mu 2005 anachitanso chimodzimodzi pa mgodi wina wa Aquarius wotchedwa Marikana, womwe suyenera kusokonezedwa ndi mgodi wa Lonmin wa m'dera lomwelo.

Mwa zonse zomwe atsogoleri a Aquarius anachita, ichi ndicho chinakhalitsa. Sichinali chinthu chapafupi kwa kampani yomwe inkadzitama kuti ndi yachangu kuposa akuluakulu kuvomera kuti theka la phindu la mgodi womwe inamanga yokha lizipita kwa mnzake wopikisana naye. Koma popanda mgwirizanowo dzina la Kroondal likanachoka kalekale pa mndandanda wa migodi. Akale anati mutu umodzi susenza denga, ndipo pano mwambiwo unalembedwa m'mapangano a maloya. Chofunika kuona n'chakuti mgwirizanowo unapangidwa zinthu zili bwino, mitengo ikukwera, mbali zonse ziwiri zikukambirana mopanda mantha. Kampani yomwe yapanikizika ndi ngongole siipeza mfundo zabwino chotero.

Chaka chomwe mitengo inapenga

Mu Januwale 2008 kampani ya magetsi ya Eskom inalephera kupereka mphamvu zokwanira, ndipo migodi ikuluikulu ya m'dzikomo inaima kwa masiku angapo. Ogula anachita mantha, ndipo pofika mu Malichi mtengo wa pulatinamu unadutsa madola 2,200 pa aunsi, muyeso womwe ndi magalamu 31 okha. Rhodium, chitsulo china chomwe chimapezeka mochulukirapo mu UG2, chinafika pa madola 10,000 pakati pa chakacho.

Mu Epulo, mitengo ili pamwamba chotero, Aquarius inagula masheya onse omwe Impala inali nawo mu kampaniyo ndi mu nthambi yake ya ku South Africa, pa mtengo wa madola pafupifupi 790 miliyoni. Zina mwa ndalamazo inazipeza pogulitsa masheya atsopano, zina inakongola. Patangopita miyezi isanu ndi umodzi chuma cha dziko lonse chinagwedezeka, mafakitale a magalimoto ku America ndi ku Ulaya anachepetsa ntchito, ndipo pulatinamu anatsika kufika pansi pa madola 800. Rhodium inataya pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse a mtengo wake. Mu Disembala chaka chomwecho nthaka inatitimira pa mgodi wina wa kampaniyo, wa Everest, womwe uli kum'mawa kwa Bushveld, ndipo ntchito inaima.

Palibe amene akanadziwa tsiku lomwe mitengo idzagwe, ndipo kudzudzula munthu zinthu zitachitika kale n'kosavuta. Koma chomwe chinatsatira chinasonyeza kuti atsogoleri a kampaniyo ankaona kugwako ngati mvula yodutsa. Mu 2009 anagula kampani ya Ridge Mining, mwini wa theka la mgodi wa Blue Ridge, ndipo kumapeto kwa chakacho anatenga ngongole ya madola 300 miliyoni yoyenera kubwezedwa mu Disembala 2015. Mgodi wa Blue Ridge sunapange phindu lomwe ankayembekezera ndipo unaimitsidwa mu 2011. Ngongole ija inatsala, ndipo tsiku lake linkayandikira chaka ndi chaka.

Pamene makontilakitala anasanduka msampha

Pansi pa nthaka zinthu zinkaipanso mwa njira ina. Mu Ogasiti 2009 antchito a Murray & Roberts Cementation ku Kroondal ndi ku Marikana ananyanyala ntchito mosatsata ndondomeko ya malamulo, ndipo anthu pafupifupi 3,900 anachotsedwa ntchito. Ambiri analembedwanso, koma chidani chinatsala m'midzi ya zisakasa yozungulira mgodiwo, monga Ikemeleng, komwe kumakhala anthu ochokera ku Eastern Cape, Lesotho, Mozambique ndi madera ena. Mu Julayi 2010 denga linagwa pa mgodi wa Aquarius wa Marikana n'kupha anthu asanu. Oyang'anira migodi a boma analamula kuti zipinda zokumbamo zichepetsedwe kuchoka pa mamita 10 kufika pa mamita 6 m'lifupi. Lamulolo linakambidwanso pambuyo pake, koma kampaniyo inayenera kusintha kachirikizidwe ka denga, zomwe zinachedwetsa ntchito ndi kukweza ndalama zoyendetsera migodi.

Apa ndi pomwe njira yomwe inalemeretsa Aquarius inaonekera mbali yake yofooka. Mitengo ikakhala yabwino, kontilakitala amathandiza: mwini mgodi sasunga antchito ambiri, sagula makina onse, ndipo phindu limakwanira onse awiri. Mitengo ikagwa, phindu la kontilakitala limasanduka mtolo wowonjezera pa aunsi iliyonse. Choposa apo, mwini mgodi amakhala kuti sakulankhulana ndi anthu omwe akumukumbira mwala. Madandaulo a malipiro, a nyumba ndi a chitetezo amadutsa kaye kwa munthu wina yemwe ali ndi zofuna zakezake, ndipo akamafika kwa mwini mgodi amakhala atapsa kale. Lamulo ndi anthu a m'midzi, kumbali yawo, sasiyanitsa: ngozi ikachitika amaloza dzina lomwe lalembedwa pachipata.

Chaka cha 2012 chinabweretsa zonsezi pamodzi. Mu Juni kampaniyo inaimitsa migodi ya Marikana ndi Everest, n'kusiya anthu ochepa oti aziyang'anira mapampu ndi makina. Pa 1 Ogasiti gulu la anthu pafupifupi 200, omwe kampaniyo inati anali antchito akale a kontilakitala ochotsedwa pambuyo pa sitiraka, linafika pa shafuti ya Kwezi ku Kroondal. Pa mkangano ndi alonda anthu atatu anafa ndipo ena osachepera 20 anavulala. Patangopita milungu iwiri, pa 16 Ogasiti, apolisi anawombera ndi kupha anthu 34 ogwira ntchito pa mgodi wa Lonmin ku Marikana, ndipo imfa za ku Kwezi zinaiwalika pa phokoso la tsoka lalikululo. Mu Sepitembala Kroondal inaima kwa masiku ochepa chifukwa cha zipolowe za m'deralo, ndipo mu Okutobala Murray anatula pansi udindo.

Kusiya chomwe chinamanga kampani

Asanachoke Murray, bungwe la akuluakulu a kampaniyo linali litagamula kale chinthu chomwe zaka zisanu m'mbuyomo chikanamveka ngati kudzinyoza: kuthetsa ntchito ya kontilakitala wamkulu ndi kuyamba kudzikumbira okha. Antchito masauzande anasamutsidwa kulowa m'mabuku a Aquarius, makina anagulidwa, ndipo kwa nthawi yoyamba oyang'anira mgodi ndi mabungwe a ogwira ntchito anayamba kukhala pa tebulo limodzi popanda mkhalapakati. Kusinthaku kunachitika m'miyezi yomwe dera lonse la Rustenburg linali pamoto, ndalama zili zochepa, masheya a kampaniyo atagwa kwambiri.

Jean Nel, yemwe analowa m'malo mwa Murray kumapeto kwa 2012, anali munthu wa mabuku a ndalama, ndipo sanalonjeze zazikulu. Anachepetsa ndalama zoyendetsera likulu, anasiya nkhani zogula migodi yatsopano, ndipo anaika mtima pa migodi iwiri yomwe inkabweza ndalama: Kroondal ndi Mimosa, mgodi wa pafupi ndi Zvishavane ku Zimbabwe womwe Aquarius inkagawana pakati ndi Impala. Mu 2013 mgwirizano ndi Anglo unawonjezeredwa mwala wina. Zokolola za Kroondal zinakwera kudutsa ma aunsi 400,000 pa chaka ndipo zinakhazikika pamenepo.

Mayeso enieni anabwera mu 2014. Kuyambira pa 23 Januwale mpaka kumapeto kwa Juni, bungwe la ogwira ntchito la AMCU, motsogozedwa ndi Joseph Mathunjwa, linachititsa sitiraka ya anthu pafupifupi 70,000 pa migodi ya Anglo, Impala ndi Lonmin, pofuna malipiro oyambira ma randi 12,500 pa mwezi. Inali sitiraka yaitali kuposa ina iliyonse m'mbiri ya migodi ya dzikolo. Ku Kroondal, pakati penipeni pa migodi yoimayo, ntchito inapitirira. Sikungakhale kulondola kunena kuti kuchotsa kontilakitala kokha ndiko kunachititsa zimenezi, popeza sitirakayo inali yolimbana ndi makampani atatu aja ndipo Aquarius inali ndi mapangano akeake a malipiro. Koma mgodi womwe zaka ziwiri m'mbuyomo munthu ankafera pachipata chake unadutsa miyezi isanu imeneyo uli phee, ndipo zimenezo sizinangochitika mwamwayi.

Sitirakayo inaulula chinthu china chowawa. Ngakhale gawo lalikulu la pulatinamu wa dziko lapansi linasowa pa msika kwa miyezi isanu, mtengo sunakwere. Unangozungulira madola 1,400. M'nkhokwe za makampani ndi za ogula munali zitsulo zambiri zosungidwa. Aliyense amene ankadikira kuti mitengo ya 2008 ibwerere anayenera kuzindikira kuti akudikira madzi a mphutsi.

M'chaka chomwecho Aquarius inapempha eni masheya ake kuti athire madola 225 miliyoni, ndipo zambiri mwa ndalamazo inawombolera gawo lalikulu la ngongole ya 2009 tsiku lake lisanakwane. Eni masheya analira, pakuti gawo la aliyense linachepa mphamvu, koma kampaniyo inapewa kugwa m'manja mwa okongoza. Mu 2015 inagulitsa mgodi wa Everest kwa Northam Platinum pa ma randi 450 miliyoni.

Mgodi wabwino, kampani yopanda kolowera

Zonsezi zinapulumutsa mgodi, koma sizinathe kupulumutsa kampani. Mu Sepitembala 2015 zinaululika kuti kampani ya Volkswagen inkanamiza oyesa utsi wa magalimoto ake a dizilo, ndipo popeza pulatinamu amagwiritsidwa ntchito kwambiri m'magalimoto a dizilo, mtengo unatsikanso kufika pansi pa madola 900. Mwezi wotsatira kampani ya golide ya Sibanye, motsogozedwa ndi Neal Froneman, inapereka madola 294 miliyoni kuti igule Aquarius yonse, ndipo malondawo anatha mu Epulo 2016. Kampani yomwe mu 2008 inalipira madola 790 miliyoni pogula kagawo ka iyo yokha inagulitsidwa yathunthu pa ndalama zosakwana theka la zimenezo.

Froneman anachita zomwe atsogoleri a Aquarius analephera mu 2008: anagula zinthu zitatchipa. Kumapeto kwa 2016 anatenga migodi ya Anglo ya ku Rustenburg, yomwe ili malire ndi Kroondal. Mu 2017 anagula Stillwater ya ku America pa madola 2.2 biliyoni, mu 2019 anatenga Lonmin yomwe inali itafooka. Malire omwe kale ankalekanitsa migodiyi anayamba kutha ntchito. Phindu la kukula koteroko linaoneka mu Malichi 2020, pomwe fakitale yoyengera ya Anglo inawonongeka ndipo kampaniyo inalengeza kuti siingathe kulandira miyala ya ena: Sibanye inatha kutumiza gawo la miyala yake ku ng'anjo zomwe inatengera kwa Lonmin. Aquarius, yomwe inalibe ng'anjo, ikanangokhala manja ali m'khosi.

Kenako mitengo inapenganso. Mu 2021 rhodium inayandikira madola 30,000 pa aunsi, ndipo mu Malichi 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba, palladium inadutsa madola 3,000. Migodi ya UG2 ngati Kroondal inapanga ndalama zomwe sinazionepo. Pofika kumapeto kwa 2023 rhodium inali pansi pa madola 5,000 ndipo palladium inali itatsikira pa madola 1,000. Sibanye-Stillwater, yomwe inali italowetsa ndalama zambiri m'malonda atsopano ku Ulaya ndi ku Australia nthawi ya zokolola, inalengeza kuti yaluza pafupifupi madola 2 biliyoni m'chaka cha 2023. Matenda a chaka chabwino sasankha kampani.

Nkhani yomweyo kumpoto kwa Limpopo

Owerenga a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique aizindikira nkhani imeneyi, chifukwa yachitika pakhomo pawo. Ku Tete, kampani ya Rio Tinto inalipira pafupifupi madola 4 biliyoni mu 2011 kugula Riversdale, mwini wa mgodi wa malasha wa Benga, ndipo mu 2014 inagulitsa katunduyo kwa gulu la makampani a ku India pa madola 50 miliyoni okha. Kampani ya Vale ya ku Brazil, yomwe inamanga mgodi wa Moatize ndi njanji yodutsa ku Malawi kupita ku Nacala, inagulitsa zonsezo kwa Vulcan pa madola 270 miliyoni mu 2022. Ku Zambia, Glencore inasiya migodi ya Mopani m'manja mwa ZCCM-IH mu 2021 pa dola imodzi, koma pamodzi ndi ngongole ya madola 1.5 biliyoni, ndipo boma linayenera kusaka mnzake wina wa ndalama, yemwe anapezeka mu 2024 kuchokera ku United Arab Emirates.

Chitsanzo chapafupi kwambiri ndi Kayelekera, m'boma la Karonga. Kampani ya Paladin ya ku Australia inatsegula mgodi wa yureniyamu kumeneko mu 2009. Ngozi ya ku Fukushima ya mu 2011 inagwetsa mitengo, ndipo mu Febuluwale 2014 mgodiwo unaimitsidwa, anthu mazanamazana n'kutaya ntchito. Mu 2020 unagulidwa ndi Lotus Resources, ndipo unayambiranso kutulutsa yureniyamu mu 2025, patatha zaka 11. Mwala unadikira bwinobwino pansi pa nthaka. Amene sakanatha kudikira ndi mabanja a ku Karonga omwe ankadalira malipiro, eni magolosale ndi eni nyumba za lendi, komanso boma lomwe linapereka mwayi wa misonkho pokhulupirira kuti phindu lili pafupi.

Kusiyana kwa Kroondal ndi Kayelekera kuli poti Kroondal sunatsekedwe. Unamangidwa moti ungathe kupuma ndi mitengo yotsika, ndipo unali ndi mnzake wamkulu yemwe anali ndi chifukwa chofunira kuti upitirire. Kwa maboma a m'chigawo chino omwe akukambirana mapangano atsopano a migodi, funso la mtengo womwe mgodi ungapirire nawo, ndi la zomwe zidzachitikire antchito ndi nthaka ntchito ikaima, n'lolemera kuposa malonjezo a misonkho ya chaka chabwino. Amalawi achikulire amakumbukiranso mbali ina ya nkhaniyi: m'masiku a Wenela ndi Teba amuna masauzande ankapita ku migodi ya ku South Africa, ndipo njirayo itatsekeka mu 1988 ambiri anabwerera kumudzi opanda chogwira. Nkhani ya ndalama zawo za penshoni yakhala ikumveka m'dzikomo kwa zaka zambiri.

Amene amalipira

M'malipoti a makampani, kupirira kumayesedwa ndi ma aunsi ndi ndalama zotsala m'thumba. Pa muyeso umenewo Kroondal ndi chitsanzo chabwino, ndipo atsogoleri ake a 2012 mpaka 2015 ayenera ulemu chifukwa anasiya njira yomwe inawatchukitsa ataona kuti yasanduka msampha, anatseka migodi yomwe inkadya ndalama, ndipo analipira ngongole ngakhale zinawawitsa eni masheya. Koma chilichonse mwa zigamulo zimenezi chinagwera munthu. Kuimitsidwa kwa Marikana, Everest ndi Blue Ridge kunachotsa anthu ambiri ntchito. Amene anafa mu Julayi 2010 ndi pa 1 Ogasiti 2012 sawerengedwa pa mzere wa phindu. Ndipo kampaniyo inayamba kulankhulana mwachindunji ndi antchito ake patatha zaka 13 ikukumba, magazi atakhetsedwa kale.

Mu Okutobala 2023, masiku ochepa pangano la randi imodzi lisanathe, Sibanye-Stillwater inalengeza kuti ikukambirana ndi mabungwe a ogwira ntchito za tsogolo la anthu 4,095 pa mashafuti anayi a pulatinamu. Imodzi mwa izo inali Simunye ya ku Kroondal, yomwe mwala wake unali utatha. Pofika mu Febuluwale 2024 ntchito pafupifupi 2,600 zinali zitachotsedwa, ambiri mwa anthuwo atalandira ndalama zopumira kapena makontilakiti awo atathetsedwa, ndipo ena anasamutsidwira ku mashafuti ena.

Mu 2025 mphepo inatembenukanso. Mtengo wa pulatinamu unadutsa madola 1,400 pakati pa chaka, chifukwa zitsulo zosungidwa zija zinali zikuchepa ndipo magalimoto a magetsi sanalande msika mofulumira monga ankanenera. Anglo American Platinum inapatukana ndi kholo lake n'kutenga dzina latsopano la Valterra Platinum, ndipo Froneman anapuma pa ntchito, kusiyira mpando Richard Stewart. Palibe dzina limodzi mwa makampani awiri omwe anasayina mgwirizano wa 2003 lomwe latsala pa msika wa masheya.

Polengeza pangano la 2022, Sibanye-Stillwater inati kuchotsa malire pakati pa Kroondal ndi migodi ya Rustenburg kudzalola kuti makina a Kroondal alowe m'mwala wa kutsidya, ndi kutalikitsa moyo wa mgodiwo mpaka cha m'ma 2029. Ndi nzeru yomwe ija ya 2003, kungoti tsopano mbali zonse ziwiri za malire zili ndi mwini mmodzi. Udindo wokonzanso nthaka ya alimi a ku Kroondal, womwe unabisala kuseri kwa randi imodzi ija, nawonso uli ndi mwini mmodzi, ndipo tsiku lake likuyandikira.